Windows 10 kapena Windows 11: ndi iti yothamangitsa magemu?

M'bale wina wa ku Zomba wanditumizira imelo yaitali, ndipo ndaifupikitsa motere: "Ndili ndi desktop ya Dell yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito. Purosesa yake ndi Core i5-6500, RAM 8GB, hard disk ya 1TB, ndipo ndinaikamo graphics card ya GTX 1050 Ti. Ndimasewera FIFA 23 ndi GTA V, koma FIFA imadukizadukiza mpaka kunyansa. Mnzanga wina akuti ndiike Windows 11 chifukwa inapangidwira magemu, wina akuti 11 ndi yolemera, ndikhale pa 10. Ndimvere uti?"

Achimwene, pa makina anuwo khalani pa Windows 10, ndipo ndalama imene mukanapatsa wofomata muisunge, muonjezere pogula SSD, chosungira mafailo chothamanga kuposa hard disk. Anzanu awiriwo aliyense akulondola pena pake, kungoti palibe amene wakhudza chimene chikukuvutani.

Mukatenga makina amodzi, gemu imodzi, madiraiva omwewo, n'kungosintha Windows yokha, nthawi zambiri fps (zithunzi zimene gemu imaonetsa pa sekondi) imasiyana pang'ono kwambiri moti maso sangaone. Windows 11, yomwe inatuluka pa 5 Okutobala 2021, m'kati mwake ndi Windows 10 yomweyo atangoiveka malaya ena. Zonse ziwiri zili ndi DirectX 12, ndipo diraiva ya Nvidia mumatsitsa imodzi yomweyo. Pamene kusiyana kumaonekadi, chimayambitsa ndi purosesa imene ili m'makinamo.

Wa Windows 11 uja akunena zoona ngati makinawo ndi atsopano. Kuyambira m'badwo wa 12, umene unatuluka kumapeto kwa 2021, mapurosesa ambiri a Intel amakhala ndi ma core (timagawo ta purosesa togwira ntchito) a mitundu iwiri: amphamvu otchedwa P-core, ndi ang'onoang'ono osadya magetsi ambiri otchedwa E-core. Amene amagawa ntchito pakati pawo ndi Windows, mothandizidwa ndi Thread Director ya Intel, yomwe inapangidwa kuti imvane bwino ndi 11. Windows 10 imatha kuponyera ntchito yolemera ku ma core ang'onoang'onowo. A ma Ryzen atsopano, mapurosesa a AMD, nawo anamwetulira mu Ogasiti 2024 pamene update ina ya Windows 11 inakweza fps m'magemu angapo. Auto HDR, yokometsa kuwala ndi mitundu ya zithunzi, ili mu 11 mokha, koma imafuna sikirini ya HDR. DirectStorage, yofulumizitsa kutsegula magemu, imagwira konse kuwiri, ndipo phindu lake limaoneka pa SSD yothamanga kwambiri ya NVMe. Nanga i5-6500 ya mu 2015, ya ma core anayi ofanana, yokhala ndi hard disk yozungulira, itolapo chiyani pamenepa? Palibe.

Winayo, wonena za kulemera, mwina sadziwa kumene kulemerako kumachokera, koma kulipo ndithu. Mbiri yoipa inayamba sabata yoyamba yomwe: Windows 11 itangotuluka, mapurosesa a Ryzen ankachedwa kufikira L3 cache yawo (kamemory kothamanga ka m'kati mwa purosesa) ndipo magemu ena anatsika liwiro. Zimenezo anazikonza mwezi womwewo, koma nkhani yake ikuyendabe m'magulu a pa WhatsApp ngati yadzulo. Chimene chidakalipo mpaka lero ndi Memory Integrity, chitetezo chomwe chimabwera choyatsa kale mukaika 11 mwatsopano pa makina oyenerera. Ntchito yake ndi kupatula mbali yofunika ya Windows kuti virus yolowera kudzera mu diraiva isaifikire. N'chinthu chabwino, koma purosesa imachilipirira nthawi zonse, ngakhale muli pakati pa gemu. Mu 2022 a Microsoft eniakewo analemba malangizo akuti osewera magemu akhoza kuzimitsa Memory Integrity ndi Virtual Machine Platform, n'kudzaziyatsanso akamaliza.

Apa ndi pamene makina anu amaluza kwambiri. Mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 7 ali ndi MBEC, imene imapeputsa ntchito ya chitetezochi. Yanu ndi ya m'badwo wa 6, ilibe, ndiye chitetezocho chikayatsidwa imachita kuvutikira. Kuti muone ngati n'choyatsa, lowani mu Windows Security, kenako Device security, kenako Core isolation, mupeza kabatani ka Memory integrity pomwepo. Mu Windows 10 kaliponso, kungoti nthawi zambiri kamakhala kozimitsa. Ine pa kompyuta yomwe mumalowerapo ku banki sindingakulangizeni kukazimitsa chifukwa cha fps zochepa.

Komanso Windows 11 siivomereza n'komwe purosesa yanu. Imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Inde, anyamata okonza makompyuta amailowetsa mozemba pogwiritsa ntchito kapulogalamu kotchedwa Rufus, ndipo imayaka bwinobwino. Koma Microsoft silonjeza ma update pa makina otero, ndipo magemu a masiku ano ali ndi alonda awo. Anticheat (mlonda woletsa kubera) ya FIFA 23 imafuna Secure Boot, chitetezo cha poyatsa kompyuta, ikakhala pa Windows 11, gemu ya Valorant imafuna Secure Boot ndi TPM 2.0 yomwe. Wofomata akaiika mu Legacy mode, njira yakale yopanda Secure Boot, monga ambiri amachitira pofulumira, mudzafika kunyumba n'kupeza FIFA ikukana kutseguka. Za ma Windows otchedwa Lite oyenda m'maflash, omwe munthu wosadziwika anachotsamo antivirus ya Defender ndi Windows Update, musayerekeze. Simudziwa chimene anaikamo m'malo mwake.

Tsono kudukizako kukuchokera kuti? Onani zimene EA, eni ake a gemuyi, inalemba kuti n'zochepetsetsa pa FIFA 23: Core i5-6600K, GTX 1050 Ti, RAM 8GB. Card yanu ndi RAM yanu zili pamzere weniweni wapansi, purosesa yatsikirako pang'ono. Yatsani gemu, sewerani mphindi zingapo, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Ndikukhulupirira mupeza Disk ikugunda 100% ndipo Memory yatsala pang'ono kudzaza. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusungira zina pa hard disk, ndipo hard disk yozungulira ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Kaphokoso kokereketa kamene mumamva m'bokosimo pamene osewera aima chilili pa sikirini ndi komweko. Pa tsamba la Memory lomwelo yang'anani pamene palembedwa Slots used. Ngati pali RAM imodzi yokha, yachiwiri yofanana nayo idzakupatsani 16GB komanso dual channel (RAM ziwiri kugwira ntchito limodzi), zomwe zimathandiza purosesa yofooka kuposa kusintha Windows kulikonse.

Nkhani yokhayo yondidetsa nkhawa pa Windows 10 ndi chitetezo. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Pali ndondomeko ya ESU yopereka ma update a chitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026, kwa amene ali pa 22H2, mtundu wotsiriza wa Windows 10. Mumalembetsa mu Settings, pa Windows Update, ndipo n'zaulere mukalola kusunga ma settings anu pa akaunti ya Microsoft. Apo ayi ndi madola 30 kapena mapointi 1,000 a Microsoft Rewards. Tsikulo likadutsa magemu sasiya kugwira. Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020, koma Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inapitiriza kuilandira mpaka pa 1 Januwale 2024. Chomwe chimachepa ndi chitetezo, ndiye zogula pa intaneti ndi za banki muzichitira pa foni kapena pa makina ena.

Muyambe ndi SSD, ngakhale ya wamba ya SATA ya 500GB, muikepo Windows ndi FIFA, GTA V itsale pa hard disk. RAM ibwere pambuyo pake. Musanachotse chilichonse koperani mafoda a magemu, chifukwa FIFA 23 yokha imafuna malo a 100GB, ndipo kuitsitsanso ndi bandulo kukudyerani ndalama yochuluka. Mukadzafuna kusintha bokosi lonse, musavomere purosesa yochepera m'badwo wa 8, ndipo pamenepo Windows 11 muiike popanda kuzemba kulikonse.