Musanakhudze injini, kayezeni kaye galimotoyo pa sikelo

Bambo, mwafunsa ngati kuika turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini) kapena kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kungabwezeretse mphamvu za Suzuki Jimny yanu, imene mukuti ikulephera zitunda kuyambira pamene munaiika bull bar yachitsulo (chotchinga kutsogolo kwa galimoto), winchi (makina okokera galimoto ndi chingwe ikatitimira), kaliyala wapadenga ndi matayala akuluakulu. Ine ndikuona kuti injiniyo sinafooke ayi, koma mwaisenzetsa katundu woposa amene inapangidwira, ndipo chimene chiyenera kukudetsani nkhawa kwambiri ndi momwe galimotoyo idzaimire potsika mtsetse womwewo umene mukudandaula nawo pokwera.

Nditenga kuti yanu ndi Jimny ya zitseko zitatu imene inatuluka mu 2018. Injini yake ndi ya malita 1.5 ndipo imatulutsa makilowati 75. Galimotoyo ikakhala yopanda munthu kapena katundu imalemera makilogalamu pafupifupi 1,090, pamene kulemera konse kumene opanga ake amalola, kuphatikiza anthu, katundu ndi chilichonse chimene mwamangirirapo, ndi makilogalamu 1,435. Zikatero ndiye kuti mwatsala ndi makilogalamu pafupifupi 345 okha. Anthu akuluakulu awiri amatengapo 150 kapena kuposa, bull bar ndi winchi pamodzi zimafika mosavuta pa 60 kapena 70, chigubu chilichonse cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo sitinawerengere kaliyala, jeki, zida ndi batire lachiwiri ngati munaika. Anthu ambiri amafika pa malire asanalongedze ndi chikwama cha zovala chomwe. Pa galimoto yaikulu ya matani awiri ndi theka, makilogalamu 200 owonjezera samveka kwenikweni, koma pa kagalimoto aka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake.

Matayala nawo akudya mphamvu zanu mwakachetechete. Tayala limene imabwera nalo, la 195/80 R15, ndi lotalika mamilimita pafupifupi 693, pamene la 235/75 R15, limene ambiri amakonda, limafika pa 733. Kusiyana kumeneku ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti giya iliyonse yatalika ndi 6 peresenti, choncho mphamvu yofika pansi pa tayala yachepa ndi mlingo womwewo. Chimene ambiri saganizira n'chakuti mabuleki nawonso amataya mphamvu yofananayo, chifukwa disiki ndi yomweija koma tsopano ikulimbana ndi tayala lalikulu ndi lolemera kuposa kale. Komanso wotchi ya liwiro imayamba kuonetsa nambala yotsika kuposa liwiro lenileni, moti ikamati 100 inu muli pa 106.

Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa mphamvu ya kuyenda kwa galimoto kukhala kutentha, ndipo kutenthako kumayenera kuuluzika ndi mphepo kusanaunjikane. Mukachotsa galimoto pa makilogalamu 1,090 n'kuifikitsa pa 1,435, kutentha kumene mabuleki amalandira poima kumakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira. Liwiro ndiye loopsa koposa, chifukwa likawirikiza kawiri kutenthako kumawirikiza kanayi, ndipo kungochoka pa makilomita 80 pa ola kufika pa 100 kumawonjezera ntchito ya mabuleki ndi 56 peresenti. Apa ndi pamene turbo imandiopsa ine, popeza idzakupatsani liwiro limene kulemera kunakulandani, koma sidzawonjezera kanthu pa mabuleki, amene pa Jimny ndi madisiki aang'ono kutsogolo ndi madramu kumbuyo.

Vutoli limanamiza chifukwa silionekera pa msewu wosalala. Mukaponda buleki kamodzi mabuleki ali ozizira, galimoto imaima bwino ndithu, ndipo mumakhulupirira kuti zonse zili m'malo. Limatulukira pa mtsetse wautali. Galimoto ya makilogalamu 1,400 ikatsika phiri lotalika mamita 500, imamasula mphamvu yokwanira kutenthetsa malita 20 a madzi ozizira mpaka kuwira, ndipo ngati mukutsika mutapondereza buleki, gawo lalikulu la kutentha kumeneko likulowa mu zitsulo zolemera makilogalamu ochepa chabe. Mapadi, amene amafinya disiki kuti galimoto iime, akatentha mopitirira amayamba kuterera pa disiki, ndipo mumamva chopondera chili cholimba koma galimoto osaima. Mafuta a mabuleki akawira zimakhala zoipa kwambiri, chifukwa nthunzi imapanikizika mosavuta ndipo chopondera chimangolowa mpaka pansi. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba akhoza kuwira pa madigiri pafupifupi 155. N'chifukwa chake amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, makamaka pa galimoto imene imawoloka mitsinje ndi kulowa m'matope. Madramu akumbuyo amasunga madzi ndi matope nthawi yaitali kuposa madisiki, choncho mukatuluka m'madzi muziponda buleki pang'onopang'ono kangapo muli pa liwiro lotsika kuti aume.

Pa malo amene mwaika katunduyo palinso nkhani. Bull bar ndi winchi zili kutsogolo kwa ekiselo yakutsogolo, motero zimapsinja mawilo akutsogolo ndi kupeputsa akumbuyo, ndipo poponda buleki mabuleki akutsogolo, amene kale amagwira ntchito yaikulu, amalandiranso ina yowonjezera. Katundu wapadenga amakweza pakati pa kulemera kwa galimoto, zimene pa galimoto yaifupi, yopapatiza ndi yaitali m'mwamba ngati imeneyi zimachititsa kuti igubuduke msanga pa malo opendekeka kapena pokhota mwadzidzidzi. Onani m'buku la galimotoyo kulemera kololedwa padenga, ndipo mudzapeza kuti n'kochepa kwambiri, komanso kaliyala mwiniwakeyo amawerengedwa momwemo. Ena amaika masipuling'i olimba n'kumaganiza kuti nkhani yatha poti galimoto yadzuka, koma masipuling'i amangoinyamula, sasintha malire a maekiselo, mabering'i kapena mabuleki.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kupita pa sikelo galimoto ili yodzaza monga imakhalira pa ulendo, anthu ali momwemo ndi thanki yodzaza, ndipo ndikanayeza kutsogolo ndi kumbuyo padera. Nambala imeneyo ikuuzani zochotsa. Winchi ya chingwe chachitsulo mukhoza kuiika chingwe chopepuka cha synthetic, zinthu zolemera monga madzi ndi zida zitsike padenga zikhale pansi pakati pa maekiselo, ndipo zimene simunazigwiritsepo ntchito chigulireni zitsale. Kenako pitani ku mabuleki: mafuta atsopano, mapadi abwino opirira kutentha, madramu atsukidwe ndi kuchunidwa bwino, ndipo mapaipi a labala a mabuleki aonedwe ngati akufikabe bwino ngati galimotoyo munaikweza. Kayendetsedwe nakonso n'kofunika kuposa chitsulo chilichonse chimene mungagule. Mtsetse wautali umatsikidwa ndi giya yotsika kuti injini igwire galimoto, buleki n'kumangoponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kuisiya kuti izizire, ndipo pa malo otsetsereka kwambiri a miyala kapena dothi muzilowa mu low range, magiya otsika oyendera m'malo ovuta, imene pa Jimny imachepetsa liwiro la giya iliyonse ndi theka.

Ngati mutachita zonsezi ikulemedwabe pa zitunda, mankhwala oyenera a matayala akuluakulu ndi kusintha magiya a mu transfer case (bokosi logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo) kapena a mu diff (magiya a pakati pa ekiselo) kuti abwezeretse zimene matayala anachotsa, pokumbukira kuti mukasintha diff, yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana. Njira imeneyi imapeputsa ntchito ya klatchi ndipo imathandizanso injini kugwira galimoto potsika, zimene turbo singachite. Kusintha pulogalamu ya kompyuta pa injini yaing'ono yopanda turbo kumawonjezera mphamvu yochepa kwambiri moti mwina simungaimve n'komwe. Dziwaninso kuti injini yotere imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera, choncho kufooka kwina kumene mumamva pa mapiri aatali n'kwachibadwa. Turbo imathetsadi vuto limeneli, koma imabwera ndi kutentha kochuluka pa liwiro lotsika la m'tchire pamene mphepo yozizitsa rediyeta ndi yochepa, imafuna klatchi yolimba, ndipo musanaiike mufunse a inshuwalansi yanu ndi oona za malamulo a pamsewu ngati galimoto yosinthidwa chotero adzaivomereze.