Sarafina akutsanzika ku Braamfontein: tikamuperekeze

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville mu Johannesburg muno, kwawo ku Ntcheu. Dzina lawo ndisunga, koma funso lawo ndi ili:

"Achimwene, sewero la Sarafina! ndalionera kawiri chibwerereni ku Joburg Theatre. Lamlungu likubwerali ndi tsiku lomaliza, ndipo mtima ukundiwawa ngati pagwa maliro. Bambo a kunyumba akuti ndalama ya tikiti bola kutumiza kumudzi, komanso akuti nkhaniyo ndi ya eni dziko, ife alendo itikhudza pati. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14, wobadwira konkuno, sanalionepo. Ndipite naye, kapena ndi zachibwana?"

Achemwali, pitani. Ndipo mwanayo mumutenge. Ndayamba ndi yankho kuti musavutike kulifufuza m'munsimu, koma mawu a alamu anga sindiwataya, chifukwa ali ndi pogwira.

Tiyambe ndi kuwawa kwa mtimako. Si zachibwana ayi. Ambiri a ife Sarafina tinamudziwira pa filimu ya 1992 ija, ya Leleti Khumalo, Whoopi Goldberg ndi Miriam Makeba. Ine ndinaionera mu vidiyo sho ya ku Ndirande, pa benchi, kanema wake wamng'ono, mawu akutuluka mokanda. Filimu imeneyo ilipo mpaka lero, mukaifuna usiku uno muipeza, ndipo Leleti adzakhala ndi nkhope yomweyo ngakhale zidzukulu zanu zikadzaionera. Sewero la pa nsanja silitero. Limakhalapo pokhapokha anthu amoyo akusewera pamaso pa anthu amoyo. Mwaona nokha kuti maulendo anu awiri aja sanafanane: tsiku lina ng'oma inakoka pang'ono, tsiku lina anthu m'holo anayamba kuyimba nawo msanga, tsiku lina mtsikana wa kumapeto kwa mzere anavina ngati wagwidwa ndi mizimu. Zili ngati gule pa bwalo. Mutha kumujambula pa foni, koma fumbi, kunjenjemera kwa nthaka ndi nthungululu za amayi sizilowa m'fonimo. Lamlungu likadutsa, gulu la achinyamata amenewa, oyimba zida amenewa, pa nsanja imeneyi, sadzakumananso chimodzimodzi. Chimene mukulira ndi chenicheni.

Mwina mukufunsa kuti nanga ngati anthu akulikonda, akulitsekeranji? Nyumba za zisudzo za kuno zimakonza kalendala yawo kudakali miyezi yambiri. Sewero lililonse limapatsidwa masabata ake, ndipo likamatha, lina limakhala likudikira kale pakhomo. Sewero la nyimbo ngati ili limadyanso ndalama zambiri usiku uliwonse: ovina ndi oyimba ambirimbiri, bandi yamoyo, a magetsi, a zokuzira mawu, osamalira zovala, onsewo ayenera kulipidwa, holo idzaze kapena isadzaze. Makatani akangotsekedwa komaliza, akatswiri a kuseri amayamba kuphwasula zonse, kawirikawiri usiku womwewo. Mabenchi a kalasi ya sukulu ya Morris Isaacson amene munawaona amakwezedwa m'lole, mayunifolomu amapindidwa m'mabokosi. Ndipo ambiri mwa ana amene amavina aja ntchito yawo ndi ya kontirakiti. Lolemba m'mawa amadzuka n'kuyamba kufunafuna ina, ngati mmene ambiri a ife timachitira ndi maganyu a mu Joni muno. Ndikaganiza zimenezi, ndimaona kuti kuwomba m'manja kwa tsiku lomaliza si kwa Sarafina yekha.

Musadalire kuti libweranso posachedwa. Mwina libwera, poti ndi sewero lokondedwa, koma palibe amene angakulonjezeni. Taonani King Kong, sewero la nyimbo za Todd Matshikiza lofotokoza moyo wa wankhonya Ezekiel Dlamini. Linayamba mu 1959 mu Great Hall ya pa yunivesite ya Wits, mtunda woyenda pansi kuchokera pomwe pali Joburg Theatre, ku Braamfontein komweko. Miriam Makeba anali m'menemo, Hugh Masekela ndi Jonas Gwangwa akuliza malipenga mu bandi. Linafika mpaka ku London mu 1961. Komabe mbadwo wathunthu unakula ukungolimva m'nkhani za agogo. A Fugard Theatre a ku Cape Town analidzutsa mu 2017, linabweranso kuno ku Braamfontein, ndipo patangopita zaka zochepa, mu 2021, Fugard Theatre yomweyo inatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid. Mbongeni Ngema, amene analemba Sarafina!, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Disembala 2023. Masekela, amene anathandizana naye pa nyimbo, anatisiya mu Januwale 2018. Eni ng'oma akutha mmodzimmodzi.

Tsopano ku mawu a alamu, akuti nkhaniyi ndi ya eni dziko. Apa ndichedwapo, chifukwa funso limeneli ndalimbana nalo ndekha zaka zambiri.

Zoona, ndi nkhani yawo. Ana amene anatuluka m'makalasi ku Soweto pa 16 Juni 1976, kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, anali ana awo. Hector Pieterson, wa zaka 12, amene chithunzi chake chojambulidwa ndi Sam Nzima chinazungulira dziko lonse, anali mwana wawo. Morris Isaacson si sukulu yopeka, ilipo ku Jabavu mpaka lero, ndipo Tsietsi Mashinini, mmodzi mwa atsogoleri a ophunzira pa tsikulo, amaphunzira pomwepo. Magazi amenewo sitingawatenge kukhala athu. Ndiponso tinene chilungamo, ngakhale chikuwawa: nthawi imene ana awa amawomberedwa, boma la Malawi linali pa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la Pretoria kuyambira 1967, pamene maiko ena a mu Africa amalisala. Kamuzu anabwera kuno pa ulendo wa boma mu 1971, ndipo ndalama za ngongole zochokera kuno zinathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Mmalawi akakhala m'holo muja ayenera kudziwa zimenezi, asakhale ngati munthu amene kwawo kulibe mlandu.

Koma mbiri ili ndi mbali inanso. Agogo athu ndi abambo athu anatsika m'migodi ya pansi pa mzinda uno kudzera ku Wenela, ena mpaka anatchona, mafupa awo ali m'nthaka ino. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo akubwerera kwawo. Chuma chimene chinamanga Johannesburg chili ndi thukuta la ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Mangochi. Sitinafike dzulo.

Ndipo chimene seweroli likunena, ife tinachilawa. Mu 1987, pamene Sarafina! imayamba ku Market Theatre ku Newtown, dziko lino linali pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, ndipo Nelson Mandela anali akadali m'ndende. Anatuluka pa 11 Febuluwale 1990. Choncho mtsikana wa sukulu akamavala jekete kusewera ngati Mandela womasulidwa pa konsati ya kusukulu, oonera a nthawi imeneyo samaona mbiri yakale ayi, amaona chinthu chimene sichinachitike, chimene munthu akanatha kumangidwa nacho. Nanga kwathu kunali bwanji? Munthu umayang'ana kumbuyo usanatchule maina ena. Kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, ophunzira a ku Chancellor College anatuluka mu msewu ku Zomba. Mu Meyi chaka chomwecho anthu anawomberedwa mu Blantyre. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Filimu ija inafika m'mavidiyo sho athu m'zaka zomwezo, ndipo ndikukumbukira bwino kuti tikamayimba nawo za ufulu ukubwera mawa, sitimaganiza za Soweto yokha. Mphunzitsi wa m'seweromo, amene amaphunzitsa ana mbiri yosalembedwa m'mabuku a boma, tinali nawo otere ifenso, ndipo ena anasowa.

Ifenso tinali ndi nsanja zathu zolankhulirapo zovuta kulankhula. Amene anakhalapo pa French Cultural Centre ku Blantyre Lamlungu masana, Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata akusewera, kapena a Kwathu akuseketsa anthu uku akuwabaya ndi choonadi, akudziwa chimene ndikunena. Du anamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira, mnzake wa zisudzo, mu 2006. Masewero awo ambiri atsala m'mitu ya amene anapita kukaonera basi. Ine pali limodzi la Wakhumbata limene ndinati ndidzaonera ulendo wina, ndipo ulendo winawo sunabwere. Mpaka lero zimandipweteka. Ndi chifukwa chake imelo yanu sindinathe kuiyankha ndi mizere iwiri.

Za mwana wanu. Kusukulu waphunzira kale za 16 Juni, amadziwa kuti ndi holide ya achinyamata, mwinanso anapita ndi kalasi yake ku nyumba ya chikumbutso ya Hector Pieterson ku Orlando West. Koma kuwerenga kuti ana anaphedwa n'kosiyana ndi kuona atsikana a msinkhu wake, ovala yunifolomu ngati yake, akugwa pamaso pake, kenako anzawo akunyamula maliro akuyimba. Leleti Khumalo anali ndi zaka 17 pamene amayamba kusewera Sarafina, ndipo ndi sewero lomweli linamufikitsa ku nyumba za zisudzo za Broadway ku New York mu 1988, kumene linakhala kupitirira chaka. Mwana wa zaka 14 akhoza kulisenza. Mumuchenjeze chabe kuti muli kulira kwa mfuti ndi maliro, kuti asadzidzimuke.

Pali china chimene sindikufuna kuchibisa. Ana athu obadwira kuno amakhala pakati. Kusukulu ena amawatcha makwerekwere, akapita kumudzi amawaseka kuti Chichewa chawo chikumveka Chizulu. Amene tinali kuno mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo amachitiridwa ziwawa, tikudziwa mantha a kutseka chitseko n'kuzimitsa magetsi. Mwana wotere amafunika kuona kuti dziko limene anabadwiramo lili ndi nkhope inanso, ya ana olimba mtima amene anakana kuponderezedwa, ndi kuti iyeyo ali ndi ufulu wolira nawo ndi kuyimba nawo. Amafunikanso kumva kuchokera kwa inu, osati kwa aphunzitsi, kuti kwawo kwa amayi ake nakonso kunali ana otere. Mu takisi pobwerera mumuuze za 1992. Mumuuze komwe munali, zomwe munamva pa wailesi, zomwe agogo ake amanong'ona. Seweroli likutsegulirani khomo la nkhani imene mwina simunaipezere poyambira.

Pa ndalama, alamu akunena zoona kuti kumudzi akudikira, feteleza sadikira munthu. Sindingakuuzeni kuti mudule za kumudzi. Koma funsani mipando yotsika mtengo ya kumbuyo kapena ya m'mwamba. M'sewero lodalira magule a gulu lonse ngati ili, kukhala patali kumathandiza kuona mizere yonse ikuyenda pamodzi. Zakumwa za m'kati zisiyeni, idyani kunyumba. Ndipo ngati ndalama ikukwana matikiti awiri okha, ndikupemphani chinthu chovuta: ganizirani zopatsa bambowo tikiti yanu kuti apite ndi mwana wawo. Inu mwaona kawiri, iwo akutsutsa chinthu chimene sanachione. Koma ngati akana, musakangane nawo, pitani awiri.

Gulani matikiti lero, chifukwa tsiku lomaliza limadzaza ndi anthu ngati inu, obwereza, pamodzi ndi abale a osewera. Onetsetsani nthawi pa tikiti, poti Lamlungu kawirikawiri amasewera masana. Kuchokera ku Park Station si patali, koma ndi chitunda, ndipo mukatuluka kutada musayende pansi ndi mwana, konzeranitu galimoto yokutengani pakhomo. Foni muzimitse, kujambula m'kati saloleza, ndiponso mungataye mphindi zomalizazo mukuyang'ana kagalasi. Ngati akugulitsa kabuku ka pulogalamu, kameneko ndiye gulani, muli maina a onse, ngakhale a kuseri amene sitiwaona. Mwanayo alembemo deti.

Akulu anati mlendo ndi mame. Kwathu mlendo akamanyamuka sitikhala m'nyumba ati chifukwa kutsanzikana kumawawa. Timamunyamulira chikwama, kumuperekeza mpaka pa mphambano, n'kuima pomwepo mpaka atazimiririka. Lamlungu ndi tsiku loperekeza. Nyimbo yomaliza ikatha musathamangire pakhomo. Imirirani, muwombe m'manja mpaka manja atenthe, ndipo ngati nthungululu ikubwera, iyimbeni ya Chingoni ya ku Ntcheu, palibe amene akuletseni. Mudzaona ena mwa osewera akulira powerama, poti nawonso akusiyana ndi anzawo amene akhala nawo masabata onsewa. Misozi ikabwera musaibise kwa mwana, aone kuti amayi ake amalirira chiyani.

Inenso ndagula tikiti yanga, ya m'mwamba. Mukadzamva nthungululu ina ikuyankha yanu kuchokera kumeneko, adzakhala mayi a kunyumba kwanga, a ku Dedza. Mudzandilembere zimene mwanayo adzanene mu takisi.