Ma bowl game ndi chani kwenikweni, nanga Florida State anailakwira chani?

Kumayambiliro kwa 2024 ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe anabwera kuno ku America mu 2023, akugwira ntchito ku chipatala ku Ohio. Akuti December yense anzawo kuntchito nkhani inali ya ma bowl game basi, magemu a kumapeto kwa sizoni a mpira wa ku America (American football) wa makoleji, wina akuti Cotton Bowl, wina Rose Bowl, wina akukalipa za Florida State ngati amulanda munda, nde iwo amangomwetulira osamva kanthu. Funso lawo ndi loti, kodi zimenezi ndi chikho chimodzi kapena chani, bwanji ma fainolo ake achuluka chonchi, ndipo zitheka bwanji timu kuwina magemu onse koma nkuisiya kunja?

Achemwali, musadandaule, inenso zinanditengera zaka kuti ndizimvetse. Choyamba chotsani m'mutu maganizo a chikho chakwathu ngati FDH Bank Cup pomwe wogonja amalongedza, wowina nkupitilira mpaka fainolo. Ma bowl ambiri sali choncho ayi. Ndi gemu imodzi yokha, matimu awiri ochita kuitanidwa, amapita ku mzinda wina, nthawi zambiri kotentha monga Florida, Texas, Arizona kapena California poti kumpotoku kumakhala chisanu choopsa, amakhala kumeneko masiku angapo, kusewera, wowina kulandira chikho chake, basi sizoni yatha aliyense kwawo. Amakhalapo opitilira 40 kuyambira pakati pa December mpaka kumayambiliro kwa January, ndipo kuti timu iyitanidwe imayenera kuwina magemu osachepera 6 pa 12 a sizoni. Nde mukaona timu yawina 6 nkuluza 6 koma anthu akuvina, dziwani kuti akuvinira ulendo umenewo.

Dzinalo likuchokera ku bwalo. Bowl ndi mbale yolowa ija, ndipo bwalo la Rose Bowl ku Pasadena, California, lomwe linatsegulidwa mu 1922, analimanga ngati mbale potengera Yale Bowl. Gemu yake koma ndi yakale kuposa bwalolo, yoyamba inali mu 1902 pomwe Michigan inakwapula Stanford 49-0, ndipo anthu okonza anakhumudwa mpaka anaisiya kaye, nkudzayambiranso mu 1916. Orange Bowl, Sugar Bowl ndi Cotton Bowl zinabwera m'ma 1930. Mayina enawo omwe akukusokonezani ndi a makampani othandiza basi. Sizoni ya 2023 ku Duke's Mayo Bowl West Virginia itawina North Carolina 30-10 kochi wawo anamuthira chidebe cha mayonezi pamutu, ndipo ku Pop-Tarts Bowl osewera a Kansas State atawina NC State 28-19 anadya keke yaikulu yooneka ngati chidole cha kampaniyo. Anthu kuno zimenezi amazikonda kwabasi.

Tsopano pa nkhani ya Florida State, apa nde pomwe mtima wanga ukuwawabe mpaka lero.

Pamwamba pa ma bowl onsewa pali College Football Playoff, yomwe inayamba sizoni ya 2014, ndipo iyi yokha ndi yomwe imapereka katswiri wa dziko lonse. Mpaka sizoni ya 2023 munkalowa matimu 4 okha, ndipo sankalowa chifukwa cha mapointi pa tebulo ngati ligi ayi, ankasankhidwa ndi komiti ya anthu 13 omwe ankakhala m'chipinda nkumakambirana kuti wabwino ndani. Ma semi amaseweredwa mu ma bowl akuluakulu mosinthana, sizoni ya 2023 inali Rose ndi Sugar. Pa 3 December 2023 komitiyo inatulutsa Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Florida State inali itawina magemu onse 13, yatenganso chikho cha ligi yawo ya ACC powina Louisville 16-6, koma anaiika nambala 5, pomwe Texas ndi Alabama aliyense anali ataluzapo kamodzi. Chifukwa chomwe anapereka nchoti quarterback wawo Jordan Travis, yemwe ndi amene amaponya mpira ndikuyendetsa timu yonse, anathyoka mwendo mu November, nde akuti popanda iye timuyo siinalinso yomwe ija.

Ine ndimakana zimenezo. Anyamata aja mtsogoleri wawo atavulala sanagwe mphwayi, anawinabe timu ya University of Florida, nkuwinanso Louisville ndi quarterback wachitatu, difensi yawo itagwira ntchito ngati ndani, nde mukuwauza kuti thukuta lonselo nlachabe chifukwa anthu ena m'chipinda akuganiza kuti mwina akaluza? Ngati zili zongoganizira nanga bwaloli timapitiranji? Aka kanali koyamba m'mbiri ya playoff kuti katswiri wa ligi yaikulu osaluzapo olo kamodzi asiyidwe kunja. Ndikudziwa a Alabama ali ndi mfundo, anali atangogwetsa Georgia 27-24, timu yomwe inatenga ukatswiri zaka ziwiri zotsatizana, ndipo kusiya Texas kunali kovuta poti Texas inawina Alabama pakwawo pomwe ku Tuscaloosa mu September. Malo anali 4, oyenera anali 5 kapena 6, koma wolipira anakhala yemwe sanalakwe chilichonse.

Anzanu ena kuntchitoko akuuzani kuti komiti inalondola poti Georgia inadzaiphwanya Florida State 63-3 ku Orange Bowl pa 30 December, kusiyana kwakukulu kuposa bowl ina iliyonse m'mbiri. Zoona zinachitika, ndinaonera ndipo zinali zomvetsa chisoni, koma ija siinali timu yomwe inawina magemu 13. Osewera ambiri odalirika anakana kusewera, ena akukonzekera NFL draft, pomwe matimu a NFL, ligi ya osewera olipidwa, amasankha osewera atsopano mu April, ena akusamukira ku makoleji ena. Ndipo izi sizinali ku Florida State kokha. Inu muli ku Ohio munamva madandaulo Ohio State italuza kwa Missouri 14-3 ku Cotton Bowl, katswiri wawo wolandira mipira Marvin Harrison Jr. sanasewere, quarterback wawo anali atachoka kale. Caleb Williams, quarterback wa USC, sanasewere Holiday Bowl, Jayden Daniels wa LSU yemwe anatenga Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana onse m'makoleji, nayenso anakhala pansi. Ine anyamatawa sindiwada, munthu ndalama zosintha banja lake lonse zikumudikira mu April, akathyoke bondo pa gemu yoti olo awine sapita kulikonse? Koma zikutanthauza kuti ma bowl akunja kwa playoff mphamvu zawo zikuchepa chaka ndi chaka, ndipo omwe tinawakonda tikuziona.

Komabe musawapeputse. Kwa timu yaing'ono bowl ndi chilichonse, ndalama zimalowa ku ligi yawo, kochi amapeza masabata owonjezera ophunzitsa achinyamata, ndipo mwana wa chaka chomaliza yemwe sadzaponda NFL, poti ambiri sapondako, iyi ndi gemu yake yomaliza moyo wake wonse, makolo ake ali pa sitandi akulira. Komanso wina akakana mpata umagwera wina, Miller Moss analowa m'malo mwa Williams nkuponya ma touchdown 6, zomwe ndi zigoli za mpira umenewu, USC nkuwina Louisville 42-28.

Ma semi okha anali okoma, zimenezo sindingakane. Pa 1 January 2024 ku Rose Bowl Michigan inali kumbuyo chakumapeto, inabweza, gemu nkupita ku overtime, Blake Corum wa Michigan anathamanga nkugoletsa, kenako Alabama itatsala pang'ono kufika pa mzere difensi ya Michigan inamugwira quarterback wa Alabama Jalen Milroe pa mpata womaliza, 27-20. Usiku womwewo ku Sugar Bowl ku New Orleans quarterback wa Washington Michael Penix Jr. amaponya mipira yoti umangogwira pakamwa, Washington 37 Texas 31, ndipo Texas inali ndi mwayi mpaka sekondi yomaliza. Fainolo ku Houston pa 8 January Michigan inawina Washington 34-13, magemu 15 osaluza, ukatswiri wawo woyamba chichokereni 1997. Apa achemwali chenjerani, Ohio State ndi Michigan ndi adani enieni, nde musakalowe kuntchito mukuyamikira Michigan mokweza. Patangotha masiku awiri Nick Saban wa Alabama analengeza kuti wapuma ukochi, kenako kochi Jim Harbaugh nkusiya Michigan kupita ku Los Angeles Chargers.

Sizoni ya 2024 playoff inakhala ya matimu 12, akatswiri 5 a maligi omwe anali pamwamba analowa okha, ndipo magemu oyambilira anaseweredwa pa mabwalo a makoleji omwe mu December. Zikanayamba chaka chimodzi m'mbuyo Florida State ikanalowa popanda mkangano. Inu chomwe mungachite, September ikafika pemphani anzanuwo akutengeni ku Columbus, kwawo kwa Ohio State, tsiku Loweruka, bwalo lake limalowa anthu opitilira 100,000, mukaone kaye gemu imodzi ndi maso, ndipo mutenge jekete yokhuthala ngati mudzapite mu November.