Mafunso a Owerenga: Jezi ya Tipperary pa Kaunjika wa ku Mzuzu

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku pulaimale ndipo ndimakhala ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Mwezi watha ndinagulira mwana wanga jezi pa kaunjika wa mumsika waukulu, ya buluu yokhala ndi mzere wachikasu pachifuwa. Pachizindikiro chake pali ndodo ziwiri zopingasa, mpira, ndi chaka cha 1884. Mnzanga wa kutchalitchi wandiuza kuti jeziyi ndi ya Tipperary, boma lina la ku Ireland, ndiponso kuti anthu a kumeneko ali ndi masewera awoawo otchedwa hurling ndi Gaelic football. Kodi masewerawa amaseweredwa bwanji? Nanga n'chifukwa chiyani jezi ikhale ya boma m'malo mwa kalabu, ndipo kodi Tipperary ndi yamphamvu pa masewera onse awiri?

Wowerenga wa ku Chibavi

YANKHO

Aphunzitsi, mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo si zodabwitsa kuti yankho mwalipeza kutchalitchi, popeza Ambuye John Ryan, amene anasankhidwa kukhala episkopi wa dayosizi ya Mzuzu mu 2016 ataphunzitsako masamu pa Mzuzu University, kwawo ndi ku Tipperary komweko. Chaka cha 1884 chimene mwachiwona pajeziyo ndi chimene bungwe loyendetsa masewerawa, Gaelic Athletic Association kapena kuti GAA, linakhazikitsidwa. Msonkhano wake unachitika pa 1 Novembala mu Hayes Hotel, m'tauni ya Thurles ya m'boma la Tipperary, ndipo pulezidenti woyamba, Maurice Davin, analinso mwana wa m'bomalo. Nthawi imeneyo Ireland inali pansi pa ulamuliro wa Britain, masewera a makolo anali kuzilala, ndipo amene anasonkhana ku Thurles anafuna kuti masewerawo akhale ndi malamulo olembedwa komanso eni ake.

Masewera awiriwa amaseweredwa pabwalo limodzimodzi, lalikulu kuposa la mpira wa miyendo, chifukwa kutalika kwake kumayambira pa mamita 130 kufika 145. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 15, ndipo maboma akamapikisana amasewera mphindi 70. Mitengo ya golo imatalika kupitirira mtanda wopingasa, kotero kuti mpira ukalowa mu ukonde, gulu limapeza mapointsi 3, ndipo ukadutsa pamwamba pa mtandawo, pakati pa mitengo iwiri, kawirikawiri limapeza pointi imodzi. Mu hurling wosewera aliyense amagwira ndodo yosemedwa kuchokera ku mtengo wa ash, yotambalala kumapeto, imene amamenyera kampira kachikopa kotchedwa sliotar. Amaloledwa kukawakha m'malere ndi dzanja, koma saloledwa kukatola pansi ndi dzanjalo kapena kuyenda nako m'manja mapazi opitirira 4. Akafuna kuthamanga nako mtunda, amakakhazika pansonga ya ndodo n'kumathamanga osakagwetsa, adani akumuwunjirira mbali zonse. Kampirako kamatha kuuluka liwiro loposa makilomita 150 pa ola, n'chifukwa chake kuyambira mu 2010 aliyense amakakamizidwa kuvala chipewa cholimba chotchinga ndi kumaso komwe. Mu Gaelic football mulibe ndodo. Mpira wake ndi wozungulira, amaugwira ndi manja ndi kuumenya ndi mwendo kapena chibakera, ndipo wothamanga nawo ayenera kuunjanjitsa pansi kapena kuugwetsera paphazi n'kuubwezera m'manja akayenda mapazi 4.

Funso lanu la jezi ya boma ndilo lili ndi phata la nkhani yonse. Chilumba cha Ireland chili ndi maboma 32, ndipo m'boma lililonse makalabu ambiri anamangidwa motsatira malire a maparishi. Mwana amayamba kusewera m'kalabu ya kumene wabadwira, nthawi zambiri pabwalo lomwe bambo ake ndi agogo ake ankasewera, ndipo amene aonetsa luso loposa anzawo amasankhidwa kukaimira boma lonse pa mpikisano wa All-Ireland. Palibe wosewera amene amalandira malipiro, ndipo palibe boma limene lingagule wosewera wa boma lina. Mnyamata amene lero akusewera pamaso pa anthu 82,300 m'bwalo la Croke Park ku Dublin, sabata yotsatira amapezeka ali m'kalasi, kumunda, kapena ku ofesi, ndipo posakhalitsa amavalanso jezi ya parishi yake. Ife a kuno kumpoto tazolowera kuona mnyamata akangowala pa Mzuzu Stadium, makalabu a ndalama a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akumutenga. Ku Tipperary katswiri amakalambira pa kwawo, ndipo ine ndimaona kuti ichi ndicho chimachititsa kuti chikondi cha ochemerera chisamazirale ngakhale zikho zitasowa kwa nthawi yaitali.

Pa hurling, Tipperary ili m'gulu la maboma atatu amene atenga zikho zambiri. Pofika mu 2025, Kilkenny inali itatenga chikho cha All-Ireland ka 36, Cork ka 30, ndipo Tipperary inakwanitsa ka 29 m'chaka chimenecho. Mpikisano woyamba weniweni, wa chaka cha 1887, inapambana ndi Tipperary kudzera mwa anyamata a ku Thurles. Zaka zimene akuluakulu a kumeneko amazikumbukira kwambiri ndi zoyambira mu 1949 kufika 1965, pamene John Doyle wa ku Holycross, wotseka kumbuyo amene sankaopa munthu, anapambana nawo All-Ireland ka 8. Kenaka kunabwera chilala, chifukwa kuchokera mu 1971 bomali linadikira mpaka 1989 kuti lionenso chikho. Mu 2010 Kilkenny inali itapambana zaka 4 zotsatizana ndipo inkafuna chachisanu, chimene boma lililonse linali lisanachitepo, koma Lar Corbett anamwetsa zigoli zitatu pa ndime yomaliza ndipo Tipperary inadula ulendowo.

Ndime yomaliza ya 2025 ikuthandizani kuwerenga zotsatira za masewerawa, zimene zimasokoneza ambiri ongoyamba kumene. Tipperary inagonjetsa Cork 3-27 kwa 1-18. Nambala yoyamba ndi zigoli, yachiwiri ndi mapointsi, choncho Tipperary inali ndi 36 ndipo Cork inali ndi 21. Chodabwitsa n'chakuti popita kokapuma Cork inkatsogola ndi mapointsi 6, koma m'chigawo chonse chachiwiri inangopeza mapointsi 2 okha, uku anyamata a mphunzitsi Liam Cahill akuchinya mosalekeza. Amayi nawonso ali ndi hurling yawo yotchedwa camogie, ndipo a ku Tipperary anatenga All-Ireland ka 5 pakati pa 1999 ndi 2004.

Pa Gaelic football mphamvu za bomali n'zochepa, ndipo masewerawa amakondedwa makamaka kummwera, m'madera ngati Clonmel ndi Fethard, pamene pakati ndi kumpoto hurling ndiyo imalamulira. Tipperary inatenga All-Ireland ya mpirawu ka 4 kokha, mu 1889, 1895, 1900 ndi 1920, kutali kwambiri ndi boma la Kerry limene linafika pa 39 mu 2025. Komabe musawapeputse, aphunzitsi, chifukwa bala lalikulu m'mbiri ya GAA linagwa pa timu imeneyi. Lamlungu, pa 21 Novembala 1920, nkhondo yomenyera ufulu wa Ireland ili mkati, Tipperary inali kusewera ndi Dublin ku Croke Park. M'mawa wa tsikulo omenyera ufulu anali atapha anthu angapo amene ankawaganizira kuti ndi akazitape a Britain, ndipo masana apolisi ndi asilikali a boma la Britain anafika pabwalopo n'kuyamba kuwombera khamu la anthu. Anthu 14 anataya miyoyo, kuphatikizapo ana a sukulu, ndipo mmodzi mwa ophedwawo anali Michael Hogan, wosewera wa Tipperary wochokera ku Grangemockler. Mbali ina ya bwalo la Croke Park imatchedwa Hogan Stand pomukumbukira, ndipo ndi pamenepo pamene kaputeni wa timu yopambana amakwera kukalandira chikho chaka chilichonse.

Patatha zaka 100, pa 22 Novembala 2020, anyamata a Gaelic football a Tipperary anakumana ndi Cork pa ndime yomaliza ya mpikisano wa Munster, chigawo cha Ireland momwe muli maboma awiriwa. Tsikulo anasiya jezi ya buluu ndi chikasu ngati imene mwagulayo, n'kuvala yoyera ya mzere wobiriwira yofanana ndi imene Hogan ndi anzake anavala mu 1920. M'bwalo munalibe ochemerera chifukwa cha mliri wa Covid-19. Anapambana 0-17 kwa 0-14, ndipo chinali chikho chawo choyamba cha Munster kuchokera mu 1935.