Chitseko cha Sienta chawongoledwa, nanga tipake penti yanji?

Bambo wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Ali ndi Toyota Sienta yasiliva imene amanyamulira anthu mumsewu wa ku Limbe. Wakabaza anawomba chitseko chakumbuyo, mmisiri wawongola kale, ndipo wawauza kuti asankhe pakati pa penti ya cellulose, yotsikirapo mtengo, ndi ya 2K (yosakaniza ndi mankhwala olimbitsa otchedwa hardener), yodula. Akufunsa ngati zimasiyanadi, kapena mmisiriyo akungofuna kuwadyera.

Achimwene, zimasiyana kwambiri. Koma musanafike pa mtengo, dziwani kuti galimotoyo ili kale ndi penti yake, ndipo imeneyo ndi imene ikuuzeni chogula.

Tsegulani chitseko chakutsogolo, muyang'ane kachikwangwani kamene kali pamsanamira. Pa magalimoto ena kamakhala pansi pa boneti. Pa Toyota, nambala ya mtundu imakhala pafupi ndi zilembo C/TR kapena COLOR. 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera yonyezimira ngati ngale, 202 ndi yakuda, 1F7 ndi imodzi mwa zasiliva. Ndanena kuti imodzi chifukwa siliva wa Toyota alipo wamitundumitundu, ndipo mukangouza osakaniza penti ku Limbe kuti "ndipatseni siliva", mudzabwerera ndi chitseko chachilendo. Lembani nambalayo. Masulaninso kachitseko ka pothirira petulo mupite nako, popeza dzuwa lathu linasulutsa kale penti yanu ndipo iwo ayenera kuyerekeza ndi mmene ikuonekera lero.

Penti yasiliva ili ndi tizidutswa ta aluminiyamu tating'ono kwambiri. Kufakitale anaipaka pawiri: pansi basecoat, imene ndi mtundu wokha ndipo ikauma siwala, pamwamba clear, penti yopanda mtundu imene imawalitsa ndi kuteteza. Mukafuna kutsimikiza, pakani polishi pang'ono pakansalu koyera, mupukute pamalo obisika. Kansalu kakatenga mtundu wa galimoto, palibe clear. Kakatsala koyera, clear ilipo. Pa Sienta yanu ndikuyembekeza kuti katsala koyera, choncho gulani basecoat ndi clear ya 2K. Penti ya 2K yopaka yokha popanda clear ndi yabwino pa minibasi kapena Probox yoyera, osati pa siliva.

Amisiri ambiri amakonda cellulose chifukwa imauma msanga ndipo pakalakwika sipavuta kukonza. Vuto lake n'lakuti imauma thinner akangouluka, basi. Siilimba ngati 2K imene imagwirana ndi hardener n'kukhala gwa. Petulo akadonthera imafewa, dzuwa limaizimiriritsa msanga. Ndipo kuno kwathu ili ndi mdani wina: chinyontho. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, nkhungu itakuta phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi, thinner akamauluka amaziziritsa chitsulo, timadzi n'kukhala pa penti yaiwisi. Chitseko chimatuwa ngati mwachipaka mkaka, ndipo kuwala sikubwera.

Nayo 2K sigwirizana ndi madzi ayi. Hardener amaonongeka akakumana ndi chinyontho, n'chifukwa chake chitini chake chiyenera kutsekedwa msanga. Funsani mmisiri ngati amakhetsa madzi m'thanki ya kompuresa, komanso ngati paipi yake ili ndi kosefera madzi. Ndinaonapo boneti imene m'mawa mwake inali ndi timatuza ngati nsungu chifukwa cha madzi ochokera m'paipi. Ngati kuli mvula ya mawawa, dikirani tsiku louma, apopere chakumasana chitsulo chitafunda. Ngati ndi nyengo ya fumbi, awaze madzi pansi asanayambe, koma madziwo asafike pagalimoto.

Magalimoto ena obwera kuchokera ku Japan anagundidwapo kale kwinakwake, ndiye pansi pakhoza kukhala penti ina. Mmisiri anyowetse kansalu ndi thinner, akasiye pachitseko kwa mphindi zingapo. Penti ikafewa kapena kukwinyika, isapakidwe ina pamwamba pake. Aipale yonse kapena aitchinge ndi primer (penti yoyambira pansi) ya 2K. Choopsa kwambiri ndi enamel wa m'mashopu a hardware, amene timapaka pa mageti ndi mawindo. Mukamuthira penti ya thinner wamphamvu pamwamba, amatukuka yense. Pamene chitsulo chaonekera poyera payambe etch primer kapena epoxy, apo ayi dzimbiri lidzatulukira pansi dzinja likubwerali.

Kasakanizidwe atsate zolembedwa pachitini. Clear zambiri zimafuna magawo awiri pa gawo limodzi la hardener, ndipo ayeze ndi kapu yoyezera, osati kungoyerekeza ndi maso. Akasakaniza, imayamba kulimba pakapita maola ochepa, choncho asakanize yokwanira ntchito ya tsikulo. Siliva amavutanso pakuti tizidutswa tija timagona mosiyana malinga ndi dzanja la wopopera. Mmisiri wodziwa amawazirako basecoat pang'ono pachitseko chakutsogolo ndi pambali yakumbuyo, kenako n'kupaka clear ponse, kuti diso lisaone malire. Akakuuzani zimenezi, sakukuberani. Mtengo ukwera ndithu, koma ndi mmene ntchitoyi imayenera kukhalira.

Chimene chimandipweteka mtima ndi anyamata opoperawo. Hardener wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amayambitsa mphumu, ndipo munthu ikamugwira akhoza kukhala nayo moyo wake wonse. Kansalu kapakamwa kapena kamasiki ka fumbi sizithandiza konse. Choyenera ndi masiki yolandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Mukakasiya galimoto, funsani kuti wopoperayo avala chiyani, ndipo ana ndi inu nomwe mukhale kutali pamene akupopera.

Mukaitenga, isambitseni ndi madzi ndi sopo wa galimoto, koma musaipake wax mpaka patapita mwezi kapena kuposerapo, kuti clear ilimbe bwinobwino.