Mwana wanga akufuna kusiya koleji chifukwa cha bandi

Mayi wina wa ku Chilenje wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi, wa zaka 20, anakhoza bwino Giredi 12 ndipo ali m'chaka choyamba pa koleji ina muno mu Lusaka, kumene akuphunzira za akaunti. Koma mtima wake uli ku bandi. Alipo asanu, iyeyo ndiye woimba ndipo amalizanso gitala. Akuti nyimbo zawo ndi rock yosakaniza ndi soul. Amapeka okha, ndipo palibe kampani imene imawathandiza. Chaka chino akaimba ku Kitwe ndi ku Livingstone, tsopano akukamba za Chipata ndi Lilongwe. Akuti asiye koleji chifukwa nthawi yawo ndi ino. Bambo ake sakulankhula naye. Ndimuuze chiyani?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwana amene wakuuzani poyera zimene akufuna amathandizika msanga kusiyana ndi uja amatuluka m'mawa ndi chikwama cha mabuku n'kukalowera kwina. Maganizo anga ndi akuti asasiye koleji panopa. Koma chonde musamuuze kuti zoimbaimba si ntchito, chifukwa si zoona, ndipo akangoona kuti mukuzinyoza atseka makutu pa zina zonse.

Nyimbo akuimbazo si zachilendo m'dziko muno. Mu 1970 James Brown, katswiri wa soul ndi funk wa ku America, anadzaimba ku Zambia, ndipo m'zaka zotsatira anyamata a ku migodi ndi a muno mu Lusaka anasakaniza kaimbidwe kameneko ndi magitala okalipa a rock komanso ng'oma zakwathu. Ndiyo nyimbo zimene zinatchedwa Zamrock, za mabandi monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Ngozi Family ya Paul Ngozi. Boma la a Kaunda litalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, mabandiwa ankadzaza maholo ndi mabwalo. Afunseni agogo ake, akuuzani.

Chimene ndikufuna kuti mwana wanu amve ndi zimene zinatsatira. Mtengo wa kopa unagwa, anthu anasowa ndalama ya tikiti ndi ya chimbale. Panabwera malamulo oletsa kuyenda usiku, disiko inalanda malo ovinira, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Luso silinathe, msika ndiwo unatha. Emmanuel "Jagari" Chanda, woimba wamkulu wa WITCH amene ankasokosa dziko lonse, anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kuti adyetse banja. Panapita zaka zambirimbiri kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles isanatulutsenso nyimbo zawo zakale. Gululi linadzukanso, linakaimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale chatsopano. Nkhaniyi imandikhudza nthawi zonse. Nthawi ya woimba imatha kubwera kawiri, koma pakati pake pamakhala zaka za njala, ndipo munthu amafunika chogwira m'manja kuti aziwoloke.

Tsopano tikambe za maulendowo, pakuti mpamene pagona nkhani. Kuitanidwa kamodzi ku Kitwe sikutanthauza kuti ali ndi anthu ku Kitwe. Anthu amabwera koyamba kudzaona zachilendo, kapena chifukwa choti analipo kale pa malowo akumwa. Umboni weniweni uli pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu: kodi nkhope zomwe zija zabweranso, zabweretsa anzawo, ndipo zalipira pakhomo? Kodi akuimba nawo nyimbo zopeka za bandiyo, kapena amangodzuka pamene aimba za anthu ena? Bandi yoima payokha imakula chonchi, kubwerera m'matauni omwewo mpaka mwini malo ayambe kuimba foni yekha. Zimatenga zaka, ndipo ntchito yambiri imachitika Lachisanu ndi Loweruka komanso pa tchuthi. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti koleji siikutchinga njira panopa.

Ndiye pali masamu. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, tsiku lathunthu pa Great East Road. Livingstone ili pa makilomita pafupifupi 480. Anthu asanu akwere basi pa Intercity, alipirire ng'oma ndi maspika ngati katundu, agone, adye. Kumene akupitako abwereke zokuzira mawu, ndipo masiku ano wanzeru amafunsiratu ngati pali jenereta, chifukwa malaiti akathima pakati pa sho anthu amafuna ndalama zawo. Wokonza sho atenge gawo lake. Zotsalazo azigawe pasanu, osaiwala kusiyako ya situdiyo ndi ya zingwe za gitala. Mabandi ambiri achinyamata amabwerako akusangalala kuti holo inadzaza, osadziwa kuti ulendowo awulipirira okha kuchokera m'thumba.

Apa mpamene ndikuona mwayi umene nonse kunyumbako simukuuona. Mwana wanu akuphunzira ndendende chinthu chimene mabandi ambiri amafa nacho. Mumuuze agule buku, alembe sho iliyonse ya chaka chino: kuti, tsiku liti, analowa angati, zinalowa zingati, zinatuluka zingati, aliyense anatenga zingati. Kenako mukhale naye pansi muwerengere limodzi, osati ngati khoti ayi, koma ngati mmene mungaonere buku la munthu amene akufuna kuti mumubwereke mpamba wa bizinesi. Ngati gawo lake silingalipire lendi ya chipinda chimodzi ndi chakudya cha mwezi, miyezi ingapo motsatizana, bukulo limuyankha lokha popanda inu kukweza mawu. Ngati bukulo kulibe n'komwe, nalonso ndi yankho.

Pali mapepala amene gululi liyenera kukhala nawo, kaya iye ali pa koleji kaya ayi. Dzina la bandi alilembetse monga bizinesi ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani ndi maina a mabizinesi, kuti wina asadzalitenge. Nyimbo zawo azilembetse ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama za eni nyimbo zikaseweredwa pa wailesi ndi m'malo a anthu ambiri. Adziwitsenso National Arts Council, bungwe la boma loona za luso, za gulu lawo ndi kufunsa zofunika pokonza sho. Ndipo asanuwo alembe pa pepala n'kusainira: ndani anapeka nyimbo iti, zida n'za ndani, wina akachoka atenga chiyani. Lero akuona ngati n'zosafunika poti ndi abwenzi. Mikangano imayamba tsiku limene ndalama yeniyeni yalowa. Za ku Lilongwe, akumbukire kuti kuimba molipidwa m'dziko lina ndi ntchito. Pasipoti yokha pa malire a Mwami si zonse. Wowaitanayo awapatse kalata, ndipo afunsiretu ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka za chilolezo ndi za kuwolotsa zida.

Wina akuuzani kuti mapanga awiri avumbwitsa. N'zoona, ndipo ndaona ana akulephera mayeso chifukwa anafika kuchokera ku sho m'bandakucha wa Lolemba. Mankhwala ake ndi kalendala. Masabata a mayeso akhale otseka, ndipo anzake a mu bandi adziwe kuyambira kumayambiriro kwa temu. Zikadzakula kwenikweni, mwina ulendo wa miyezi ingapo wokhala ndi mgwirizano wolembedwa, asadzangosowa m'kalasi. Apite ku ofesi ya koleji apemphe kuimitsa kaye maphunziro, atenge yankho lolembedwa, kapena afunse za makalasi a madzulo. Kuimitsa ndi kusiya n'zosiyana kutali. Ngati pali ngongole ya maphunziro kapena wina amene akumulipirira, nawo auzidwe zisanachitike.

Mumufunsenso funso limodzi mofatsa: kodi akuthamangira nyimbo kapena akuthawa akaunti? Ngati kosiyo sakuikonda, imeneyo ndi nkhani ina. Ku Evelyn Hone College muno mu Lusaka kuli maphunziro a nyimbo, ndipo ophunzira kumeneko amatha kukhala aphunzitsi a nyimbo kwinaku akuimba.

Simunalembe, koma ndikudziwa chimene chikukusowetsani tulo: mtsikana, usiku, m'mabala, m'matauni a eni. Mantha amenewo ndi oyenera. Pa ntchito imeneyi alipo amuna amene amalonjeza situdiyo kapena sho n'kumafuna malipiro ena. Adziweni anzake anayiwo maina ndi makolo awo. Aitaneni adzadye nsima kunyumba. Dziwani kumene akagone ulendo uliwonse, ndipo nthawi zonse akhale ndi ndalama yakeyake ya basi yobwerera pa Airtel Money kapena MTN, yosadalira wokonza sho.

Iwe mwanawe, ndikudziwa kuti amayi akuwerengetsa izi. Ma like a pa Facebook ndi TikTok ndi abwino, koma sagula tikiti. Sho iliyonse tengani manambala a anthu amene abwera, muwaike pa gulu la WhatsApp la tauni yawo, kuti pobwerera mudzawauze nokha. Musanapite ku Chipata tumizani nyimbo zanu za Chinyanja ku Breeze FM, anthu azimve musanafike. Ndipo bambo ako uwapepese kaye chifukwa cha kalankhulidwe, ngati panali mawu olasa. Ndalama ya fizi imene akutulutsa ndi thukuta lawo.

Kwa inu mayi, pempho langa lomaliza ndi ili. Funsani tsiku limene adzaimbe muno mu Lusaka pa malo aulemu, kaya ku Alliance Française kaya pa sho ya masana, muwatenge bambo ake mupite. Mulipire pakhomo ngati wina aliyense, mukhale kumbuyo, muwerenge anthu. Temu ino ikatha mundilemberenso, mundiuze zimene buku lija likunena ndi mmene mayeso ayendera.