Paula amafa, ndiye kukoma kwa filimuyi kuli pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzira unamwino ku Germany. Akuti usiku wina tulo titathawa anayatsa TV ndipo anapeza akuonetsa filimu yakale yotchedwa Die Legende von Paul und Paula. Funso lawo, ndikalifupikitsa, ndi ili: "Anzanga akuno amaitama kuti ndi nkhani yokoma ya anthu awiri amene anapeza chikondi kachiwiri. Koma mkaziyo amafa pamapeto. Kukoma kwake kuli pati, ndipo n'chifukwa chiyani anthu sakuiiwala mpaka lero?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Ngakhale inu munaipeza pa TV, filimuyi inayamba kuonetsedwa m'nyumba zoonetsera kanema mu 1973 ku East Germany, dziko limene kulibenso tsopano. Inapangidwa ndi DEFA, kampani ya boma yopanga mafilimu. Anaitsogolera ndi Heiner Carow, nkhaniyo anailemba ndi Ulrich Plenzdorf, ndipo Paula ndi Angelica Domröse, Paul ndi Winfried Glatzeder. Anthu pafupifupi 3 miliyoni anakaionera, m'dziko limene linali ndi anthu 17 miliyoni okha.

Kwa amene sanaionere, nkhani yake ili motere. Paul ndi Paula amakhala moyang'anizana mumsewu umodzi ku East Berlin, iye m'nyumba yatsopano yosanjikizana, mkaziyo m'nyumba yakale yoyembekezera kugwetsedwa. Paul ali ndi ntchito yabwino m'boma. Anakwatira ali mnyamata chifukwa chotengeka ndi nkhope, ndipo banjalo linazizira kalekale, koma akulisunga poopa manyazi komanso poteteza ntchito. Paula amagwira ntchito m'sitolo yaikulu, kulandira mabotolo opanda kanthu. Ali ndi ana awiri, aliyense bambo wake, ndipo malasha otenthetsera nyumba amadzinyamulira yekha. Pali bambo wina wachikulire wogulitsa matayala, dzina lake Saft, amene akumufuna ukwati, munthu wa galimoto yake ndi ndalama zake. Paula watsala pang'ono kulola, osati chifukwa chomukonda, koma watopa. Asanalole akuti apite kokavina kamodzi kokha, ndipo n'kumene akumana ndi Paul.

Tsono pa funso lanu. Ine ndikuona kuti anzanuwo akaitchula kuti nkhani yokoma, amakumbukira zithunzi ziwiri zokha. Choyamba ndi cha bedi lodzaza maluwa limene limasanduka bwato n'kumayandama pamadzi, makolo akale a Paula ataimirira ngati mboni za ukwati. Chachiwiri ndi cha nkhwangwa, pamene Paul athyola chitseko cha Paula, anthu a m'nyumbamo akuonerera mosangalala. Zimene zili pakati pa zithunzi ziwirizi ambiri amazilumpha, chonsecho n'pamene pali nkhani yeniyeni.

Pakatipo, Paula anadzipereka yense, pomwe Paul ankafuna kudya uku ndi uku: chikondi usiku, masana tayi pakhosi ndi mkazi wa kunyumba pambali pake. Kenako mwana wamwamuna wa Paula agundidwa ndi galimoto n'kufa. Paula adziimba mlandu, akuti maganizo ake anali kwa mwamuna m'malo mwa ana, ndipo atseka chitseko. Apa m'pamene Paul adzidzimuka. Ayamba kugona pamasitepe kunja kwa khomo la Paula, masiku n'kumapita, ndevu n'kumera, munthu wa m'boma uja n'kusanduka ngati wamisala pamaso pa oyandikana nawo. Mwayi wachiwiri umene anzanu amaunenawo unabwera pambuyo pa maliro a mwana.

Ndinene zoona, chithunzi cha nkhwangwacho chimandivuta. Mkazi wanena kuti ayi, watseka chitseko chake, mwamuna n'kubwera ndi nkhwangwa, ndiye ife tiombe m'manja? Inu a unamwino mukudziwa bwino momwe amafikira kuchipatala akazi ena amene zitseko zawo zinathyoledwa. Filimuyo imatiuza kuti Paula mumtima ankafuna, ndipo Domröse anasewera mokhutiritsa moti timakhulupirira. Komabe sindingauze mnyamata aliyense kuti atengerepo phunziro.

Za imfa ya Paula, kumbukirani kuti sinamugwere modzidzimutsa. Dokotala anamuchenjeza kuti akadzabereka kachitatu mwina sadzapulumuka. Iye anamva, anafunsa, anamvetsa, ndipo anasankha kubereka mwana wa Paul. Filimuyo siionetsa akufa. Timangomuona akutsika masitepe olowera kokwerera sitima zapansi, kenako mawu akutiuza kuti sanapulumuke pobereka. Monga namwino mukhoza kukwiya, ndipo sindikudzudzulani. Mkazi amene ali ndi mwana wina womudalira, n'kuika moyo wake pachiswe chotero? Inenso ndimakangana nazo mumtima. Koma taganizirani amene ankaonera mu 1973. Ankakhala m'dziko limene boma linkakonzera munthu pafupifupi chilichonse, sukulu, ntchito, nyumba, ngakhale kumene angapite kokapuma. Khoma la Berlin, lotsekereza anthu a ku East kuti asawolokere ku West, linali litaima kuyambira 1961. Mafilimu ambiri ankawaphunzitsa kuti chimwemwe cha munthu chili m'gulu ndi m'ntchito. Ndiye panatulukira mkazi wolandira mabotolo, wosaphunzira kwambiri, wosatchula chipani ngakhale kamodzi, akufuna chimwemwe chake chonse lero lomwe, ndipo palibe dokotala, bwana kapena mwamuna wandalama amene angamusankhire. Anthu sankaombera m'manja imfa yake. Ankasirira munthu amene anadzisankhira yekha, ngakhale chosankhacho chinali choopsa.

Akuluakulu a boma anaiona ngoziyo. Paul ndi munthu wawo, ndipo filimuyo imamuonetsa ali wamantha ndi wachinyengo mpaka atavula ulemu wa ntchito yake. Ena ankafuna kuti iletsedwe, ndipo zimanenedwa kuti Erich Honecker mwiniwake, amene anali atangotenga utsogoleri wa dzikolo mu 1971, ndi amene analola kuti ionetsedwe. Ufulu umenewo sunakhalitse. Mu 1976 boma linalanda unzika woimba Wolf Biermann, ndipo Domröse anali m'gulu la amene anasaina kalata yotsutsa. Ntchito zinayamba kumusowa, ndipo mu 1980 anasamukira ku West Germany. Glatzeder anatsatira mu 1982. Kuyambira pamenepo filimuyo inasowa pa TV ya ku East, chifukwa nkhope za anthu othawa dziko sizinkafunika kuonekanso. Choncho mukamaipeza usiku mosavutikira chonchi, dziwani kuti panali zaka zimene eni ake enieni sankatha kuionera pa TV yawo.

Musaiwalenso nyimbo. Anaziimba ndi a gulu la Puhdys, ndipo filimuyi inathandiza kwambiri kuwatchukitsa. Imodzi mwa izo, Wenn ein Mensch lebt, inabwereka maganizo ku Mlaliki 3, paja pamati chilichonse chili ndi nthawi yake. Zimandiseketsa ndithu kuti m'dziko limene boma silinkafuna za Mulungu, achinyamata ankaimba Mlaliki pobwerera kunyumba. Mufilimumo nyimboyi imamveka nyumba zakale zikuphulitsidwa kuti pamangidwe zatsopano, ndipo ine ndimaona kuti Carow ankadziwa chimene ankachita: nyumba ya Paula, yozizira ndi yamalasha ija, n'kumene kunali moyo, osati m'nyumba yatsopano ya Paul.

Mukapeza mpata wopita ku Berlin, funsani njira ya ku Rummelsburger See. M'mbali mwa nyanjayo, kumene anajambulira za bwato lija, muli kanjira kamene kanapatsidwa dzina loti Paul-und-Paula-Ufer mu 1998. Ndipo mu 2013 Angela Merkel, mtsogoleri wa boma la Germany panthawiyo, amene anakulira ku East ndipo anali mtsikana wa zaka 18 filimuyi itatuluka, atapemphedwa kusankha filimu ya pamtima pake, anasankha yomweyi. Mukakumana ndi mayi wachikulire wa ku East m'wodi mwanu, mufunseni ngati Paula anachita bwino. Mudzandilemberenso zimene adzakuyankheni, chifukwa ndikufuna ndimve ngati nayenso nkhwangwa ija imamuvuta.